Tinapatsirana Lufeyo

Foni inalira ndikusenda chinangwa cha mgonero.
Mpeni ndinausiya uli chilasire.
"A Kadzakumanja, dzutsani galimoto.
Ku Wimbe thirakitala yagudubuza mabelo,
pansi pa fodya apezapo munthu."

Ine si dokotala.
Sukulu yanga inathera pa chiwongolero.
Chimene ndikudziwa n'chakuti magazi sadikira kuti kuche,
amachoka ngati mlendo wokwiya,
osatsazika.

Pomwe ndinkafika anali atadutsa kale m'manja ambiri.
Matenanti anzake anazula chitseko cha kapitawo
namugoneka pamenepo chagada.
Wina anakumbukira zomwe anamva kwa alangizi a zaumoyo,
kuti khosi lisagwedezeke,
nalitchinjiriza ndi jombo ziwiri, kuzimanga ndi chitenje.
Ng'ombe za a Msakambewa zinakoka ngolo mumdima,
kwa nthawi yoyamba osamenyedwa.
Pachipatala chaching'ono, mnyamata wa ndevu zosakhwima,
tochi ili kukamwa,
anamanga ntchafu, nabaya diripi,
nakwera pachulu kusaka netiweki
kuti auze a pa boma: konzani magazi, akubwera.

Kenako ine.

Msewu wa ku Wimbe ndimaudziwa ngati mano anga,
lomwe lagweruka, lomwe labooka.
Ukathamanga umamuthyola munthu kachiwiri.
Ukazengereza umamupereka kwa imfa ulele.
Pakati pa ziwirizi pali kaulusi,
ndipo pa kaulusi kameneka
ndayendapo zaka khumi ndi zinayi.

Kumbuyo Sisita Nyirongo zala zili pamkono wake,
akumufunsa dzina kuti asagone.
"Lufeyo."
"Lufeyo ndani?"
"Ndili ndi ngongole ya matumba awiri kwa bwana."
Mkazi wake anaseka,
kuseka kuja kunathyokera pakhosi.

Pa boma anatichingamira ndi machira pakhomo.
Botolo la magazi, lomaliza la mtundu wake.
Anamujambula.
Dokotala anatukula chithunzi pa nyali,
anachiyang'ana nthawi yaitali ngati kalata ya maliro.
"Chiuno chasweka. Kuno sitingathe. Lilongwe."
Foni ina, kalata, chidindo.
Ine ndinasuzumira muvi wa mafuta
monga munthu asuzumira m'nkhokwe mwezi wa Febuluwale.
Mlonda anathamanga opanda nsapato
kukagogoda kwa wosunga makuponi.

Chinkhoma. Bua. Madisi.
Malole a fodya atandandalika m'mbali mwa msewu,
mabelo ophimbidwa bwino ndi malona
kuti mame asawakhudze.
Sindinanene kanthu.

Pa Mponela apolisi anakankha migolo tisanafike n'komwe,
nyali yathu inali itawauza kale.
Titapitirira Lumbadzi Sisita anamenya galasi:
"Imani!"
Singano yatuluka, mitsempha yabisala.
Ndinagwira tochi ndi manja awiri
chifukwa limodzi linkanjenjemera.
Anafufuza pamkono, palibe.
Kuseri kwa dzanja, palibe.
Mkazi uja ankapemphera dzina la mwana wawo lokha,
Eviness, Eviness, Eviness,
mpaka dontho linayambanso kugwa.
"Tiyeni."

Tinalowa pachipata kum'mawa kusanafiire.
Anthu ovala zobiriwira anali chilili, kalata yathu akuidziwa kale.
Sanandifunse dzina, inenso sindinawafunse.
Anamulandira, zitseko zinadzitseka zokha,
ntchito yanga inathera pomwepo,
pa mzere wachikasu wa pasimenti.

Anthu amandifunsa, kodi amachira?
Ine ndimangodziwa chidutswa changa cha ulendo,
ngati njerwa imene sionako denga.

Ndinatunga madzi m'ndowa kutsuka m'galimoto.
Pansi pa machira ndinapeza jombo imodzi,
yakumanzere, yong'ambika pachidendene,
ikununkhabe fodya wamuwisi.

Ili kuseri kwa mpando wanga mpaka lero.
Ndikamadutsa ku Wimbe ndilibe wodwala
ndimachepetsa liwiro, galasi n'kutsitsa,
maso kwa aliyense woyenda motsimphina,
mwina wina n'kundibaya dzanja,
n'kundifunsa:
"Achimwene, simunaoneko nsapato yanga?"